Shopu ya matabwa pakhomo iyambe ndi malo, makina abwere pambuyo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi owerenga anu amene akuganiza zotsegula kashopu ka matabwa pakhomo, makamaka ana athu obadwira kuno ku Harare, ku Mufakose, Highfield, Mabvuku, Dzivarasekwa ndi Epworth, kumene Chichewa chikumvekabe m'makomo a anthu amene makolo awo anachokera ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete. Ntchito zolembedwa zikusowa, ndipo achinyamata ambiri aona kuti ukalipentala ungawadyetse, zomwe n'zoyamikika kwambiri. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ndalama ikangopezeka, kaya yatumizidwa ndi achimwene ali ku Johannesburg kaya yachokera ku chipereganyu, mnyamata amathamangira kukagula makina ochekera n'kuwaika pakhonde pa mayi ake, kenako n'kumadabwa kuti ntchito ikumuvuta, zida zikusowa tsiku ndi tsiku, ana akutsokomola ndipo anansi asiya kumupatsa moni. Ine ndakhala pa benchi kuyambira ndili mnyamata, ndipo ndikunenetsa kuti choyamba kukonza ndi malo ogwirira ntchito, makina n'kubwera malowo atakonzeka.

Munthu asanakhome msomali ndi umodzi womwe, aime pageti n'kuganizira ulendo umene thabwa limayenda. Limalowa lili lalitali, lokhakhala ndi lolemera. Limayamba lagona kaye posungira, kenako limadulidwa, limapalidwa, limabooledwa, limalumikizidwa ndi anzake, limakwechedwa ndi sandipepa, limapakidwa vanishi, ndipo limatuluka lili tebulo, bedi kapena kabati. Shopu iyalidwe motsatira ulendo umenewu: posungira matabwa pakhale pafupi ndi khomo, sowo itsatire, benchi ikhale pakati, ndipo popakira vanishi pakhale kumapeto, kutali ndi fumbi. M'mashopu ambiri amene ndimalowamo zinthu zinaikidwa mosemphana, moti mmisiri amazunguliza thabwa lomwelo kangapo, akulimenyetsa kukhoma ndi kugwetsa zitini, ndipo pofika masana watopa ndi kunyamula ntchito yeniyeni isanayambe n'komwe.

Miyeso yake si yovuta. Pulayiwudi ndi mabolodi ena amabwera ali mamita 2.44 m'litali ndi mamita 1.22 m'lifupi, ndipo thabwa la mamita 3 likamang'ambidwa pa sowo ya patebulo limafuna mamita 3 kumbuyo kwa mpeni ndi mamita 3 enanso kutsogolo kwake. Mapoloti a m'malokeshoni athu ndi aang'ono, ndipo ambiri sangapeze chipinda choposa mamita 3 ndi mamita 6, koma zimenezi zisafooketse munthu. Sowo ilunjikitsidwe pakhomo kuti thabwa lalitali lizitulukira panja pocheka, kapena kukhoma kuboolewe kazenera kotseka ndi thabwa, kofanana msinkhu ndi tebulo la sowo. Makina amene sagwira ntchito tsiku lililonse aikidwe pa matayala okhala ndi buleki kuti azikankhidwira kukhoma. Khomo lenilenilo lisachepere mamita 1.2, ndipo likakhala la zitseko ziwiri ndiye bwino koposa, chifukwa ndaonapo amisiri akumasula wodulopu imene angoimaliza kumene, itakana kutuluka pakhomo la chipinda chimene inapangidwiramo. Njira yosalira ndalama yoyesera zonsezi ndiyo kulemba pansi ndi khala, kuika njerwa pamene padzakhale benchi ndi makina, kenako n'kunyamula thabwa lalitali kwambiri limene muli nalo n'kuyenda nalo ngati mukugwira ntchito. Pamene thabwalo lagunda njerwa, pamenepo ndi pofunika kusintha simenti isanathiridwe.

Benchi ikhale yolemera ndi yosagwedera, chifukwa benchi yovina imaononga mzere wa pulena ndipo imachititsa kuti tchizulo chiterereke. Msinkhu wake ufike pamene dzanja limapindikira munthu ataimirira mikono ili pansi, zomwe kwa ambiri zimakhala masentimita 85 mpaka 90. Yofupika kwambiri imapweteketsa msana, yaitali kwambiri imalanda mphamvu popala. Amene amagwiritsa ntchito dzanja lamanja aike vaisi, chida chopanira thabwa, chakumanzere kwa benchi. Pamwamba pake pasasanduke posungira zitini, mapepala ndi makapu a tiyi, chifukwa benchi yodzaza katundu imakakamiza mmisiri kugwirira ntchito pansi atagwada. Pansi pa shopu pakhale posalala ndi pofanana, makamaka pamene mudzalumikizire matebulo ndi mipando, popeza pansi pokhota pamanamiza miyendo, ndipo tebulo limene limaoneka lokhazikika m'shopu limakagwedera m'nyumba ya mwini wake. Kutsogolo kwa benchi kuyalidwe mphira yakale kapena matabwa, kuti maondo asamawawe ndiponso tchizulo chikagwa chisabenthuke pasimenti.

Nkhani ya kuwala ambiri amaiiwala, chonsecho ndi imene imasiyanitsa malo osangalatsa kugwiramo ntchito ndi phanga. Harare ili kum'mwera kwa ikweta, ndipo miyezi yambiri ya chaka dzuwa limapendekera chakumpoto. Zenera loyang'ana kumpoto limalowetsa dzuwa lenileni, limene limathobwa m'maso ndi kupinda thabwa logona pabenchi, pamene loyang'ana kumadzulo limasandutsa chipinda ng'anjo masana a mu Okutobala. Zenera labwino la benchi ndi loyang'ana kum'mwera, chifukwa kuwala kwake n'kofatsa ndipo sikusinthasintha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, moti mzere wa pensulo umaoneka bwino nthawi zonse. Makoma apakidwe laimu, padenga paikidwe lata limodzi loonekera, ndipo pamwamba pa benchi pakhale nyale ya LED yoyendera batire ya sola. Nyale ina yaing'ono yogwira m'manja imathandiza pokwecha: mukaigoneka m'mbali mwa thabwa kuti kuwala kudutse mokwawa, zipsera zonse za pulena ndi sandipepa zimaonekera vanishi isanaziulule pamaso pa wogula.

Zida zikhale ndi malo ake monga mmene amayi amaikira mthiko ndi chipande pafupi ndi mafuwa, pamene dzanja limafika munthu asanayang'ane n'komwe. Bolodi likhomeredwe kukhoma kuseri kwa benchi, ndipo chida chilichonse chijambulidwe mthunzi wake ndi penti pamalo pamene chimakolekedwa, kuti madzulo mukangoponya maso mudziwe kuti sikweya sinabwerere. Zimene mumagwira ola lililonse, monga tepi, pensulo, sikweya, hamala, pulena ndi matchizulo, zikhale kutsogolo. Zimene zimatuluka mwa apo ndi apo zipite m'mwamba. Misomali ndi masikuluwu zikhale m'mabotolo oonekera, chivundikiro chake chitakhomeredwa kunsi kwa shelefu. Ndikupempha kwambiri kuti mwala wonolera ukhale ndi ngodya yakeyake, wokonzeka nthawi zonse, chifukwa mwala umene uli pansi pa bokosi sufunidwa, ndipo mmisiri amapitiriza kukankha tchizulo chobuntha mwamphamvu mpaka chimulowe m'dzanja. M'dzinja zitsulo zimachita dzimbiri usiku umodzi wokha, choncho zizipukutidwa ndi kansalu ka oilo pomaliza ntchito, ndipo zida zamagetsi zodula zizigona m'bokosi lokhoma.

Posungira matabwa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira mwakachetechete. Paini ndi bulugamu amene timagula kuno amachokera makamaka kumapiri a kum'mawa, madera a Nyanga, Mutare ndi Chimanimani, pamene mlombwa, umene pamsika pano amaugulitsa ndi dzina lakuti mukwa, pamodzi ndi tiki wa ku Zambezi, zimachokera kwambiri kunkhalango za Matabeleland, cha ku Lupane. Si nthawi zonse pamene matabwawa amafika atauma, ngakhale wogulitsa alumbire motani. Thabwa laliwisi limalemera kuposa msinkhu wake, limazizira m'manja, ndipo utuchi wake umakanirira pa mano a sowo. Matabwa agonekedwe chogona pa thandala lokwera masentimita 30 kuchokera pansi, kuti chiswe chikayamba kumanga njira zake chioneke msanga, ndipo pakati pa thabwa ndi linzake paikidwe timitengo touma tofanana makulidwe, totalikirana ngati theka la mita, tolunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba kuti mpweya uzidutsa ndipo matabwa asapindike. Kumapeto kwa thabwa lililonse kupakidwe penti yotsala, chifukwa kumeneko n'kumene madzi amatulukira mofulumira, thabwa n'kung'aluka. Amisiri akale ankawerengera chaka chathunthu pa mamilimita 25 aliwonse a makulidwe a thabwa lolimba louma ndi mphepo. M'chilimwe chathu chouma nthawiyo imatha kufupikirapo, koma amene amapanga tebulo ndi thabwa lochekedwa mwezi watha adzalandira tebulolo likubwezedwa. Thabwa loimikidwa chotsamira khoma kwa miyezi limakhota, ndipo kuliwongola kumadya makulidwe ake amene munalipira.

Ngakhale thabwa louma bwino limapumabe ndi nyengo. Limafufuma m'lifupi mvula ikayamba mu Novembala ndipo limanyala kuyambira Meyi mpaka Okutobala, koma m'litali silisintha kwenikweni. N'chifukwa chake dirowa imene inapangidwa yothina mu Seputembala imakana kutseguka mu Januwale, ndipo chitseko chokhomedwa m'dzinja chimaonetsa mipata mu Ogasiti. Shopu yabwino imakhala ndi shelefu yam'kati pamene matabwa a ntchito yotsatira amagona milungu ingapo asanadulidwe, kuti azolowere mpweya wa m'nyumba. Denga lisadonthe, ndipo madzi a mvula asamalowe pansi pa chitseko.

Zidutswa zotsala zikhale ndi bokosi limodzi, ndipo likadzaza zina zichoke, chifukwa mmisiri aliyense amakhulupirira kuti kachidutswa kalikonse kadzagwira ntchito tsiku lina, mpaka njira yopita ku benchi kutsekeka. Pano ndichenjeze amayi ndi ana amene amatola zidutswazi kukasonkhera moto magetsi akathima. Thabwa looneka mobiriwira, limene linalowetsedwa mankhwala oteteza ku chiswe, nthawi zambiri limakhala ndi poizoni wa arsenic, ndipo utsi ndi phulusa lake n'zoopsa. Mabolodi opangidwa ndi utuchi ndi guluu nawonso sayenera kuphikira nsima. Zoterezi zikhale pazokha, ndipo utuchi wake usapite m'khola la nkhuku kapena m'dimba.

Shopu ya pakhomo imasiyana ndi ya kumsika chifukwa mpweya wake ndi womwewo umene banja limapuma. M'chaka cha 1995 bungwe la International Agency for Research on Cancer, lomwe lili pansi pa World Health Organization, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa mwa anthu, makamaka khansa ya m'mphuno, ndipo fumbi lomwelo limadzutsa mphumu ndi chifuwa chosatha. Loopsa kwambiri si utuchi umene umagwa pansi n'kusesedwa, koma fumbi losalala la sandipepa limene limayandama m'mwamba kwa maola ambiri n'kukatera pa mbale, pa zofunda ndi pa zovala zoyanikidwa. Choncho shopu ikhale ndi potulukira mpweya mbali ziwiri, ndipo mbali imene fumbi limatulukira isayang'ane kukhitchini, kuchingwe cha zovala kapena pazenera la anansi. Ngati pali chitseko cholumikiza shopu ndi nyumba, chizikhala chotseka. Posesa, yambani mwawaza timadzi pansi. Kansalu komanga pamphuno sikagwira fumbi losalalali. Pamafunika masiki olembedwa FFP2 kapena N95, okolekedwa pafupi ndi makina kuti asaiwalike. Makutu nawo atetezedwe, chifukwa phokoso lopitirira madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa tsiku lonse la ntchito limaononga makutu pang'onopang'ono, ndipo makina opalira ndi ochekera amafika cha m'ma 100. Amisiri achikulire ambiri amene mumawaona akupendeketsa mutu mukamalankhula nawo anagonthera pa makina amenewa.

Tonse tikukumbukira 2019 ndi 2022, pamene madzi a damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, anatsika ndipo magetsi ankathima mpaka maola 18 pa tsiku, n'kubwera usiku anthu atagona. Amisiri ambiri anazolowera kudzuka pakati pa usiku kukayatsa makina, ndipo chizolowezichi chimabwerera nthawi iliyonse magetsi akavuta. Ndikumvetsa kuti wogula sadikira, koma munthu wa tulo pafupi ndi mpeni wozungulira ndiye amataya zala, ndipo anansi amene ali ndi mwana wakhanda kapena wodwala sangapirire pulena ikulira tambala asanalire. Shopu ikonzedwe moti ntchito yamanja, monga kulemba, kusema mapako a zolumikizira, kumata ndi kupaka, izitheka bwino masana popanda magetsi, ndipo ntchito ya makina isonkhanitsidwe kuti ichitike nthawi imodzi. Kukambirana ndi anansi za maola a phokoso shopu isanatsegulidwe kumapewetsa milandu yambiri, monganso kupempha chilolezo kwa eni nyumba ngati ndinu a lendi, ndi kufunsa ku khonsolo zimene malamulo amalola musanamange chilichonse pa poloti.

Mawaya amagetsi aikidwe ndi munthu wodziwa ntchitoyo, shopu ikhale ndi nthambi yakeyake yochokera pa bolodi lalikulu, yokhala ndi buleka imene imazimitsa yokha magetsi akalowera polakwika. Masoketi akhale m'mwamba kuposa benchi kuti zingwe zisakwawe pansi pamene mapazi amadutsa. Chinthu chimodzi chimene chimakhudza ife a ku Harare kuposa ena n'chakuti makina okhala ndi switchi wamba amadzuka okha magetsi akabwerera, ngati anathima makinawo ali oyatsa. Mwana akhoza kukhala atatsamira tebulo la sowo nthawi imeneyo. Pali maswitchi amene amafuna kuti munthu adinenso batani magetsi akabwerera, ndipo ndi amene ayenera kuikidwa pa sowo ndi pulena. Ngati sanapezeke, pulagi izizulidwa nthawi yomweyo magetsi akangothima. Jenereta ikhale panja nthawi zonse, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha. Amene akuwonjezera shopu kukhoma la nyumba yofoleredwa ndi malata a asibesitosi, omwe ndi ochuluka m'malokeshoni akale, asawacheke kapena kuwaboola ndi makina, popeza fumbi lake limaononga mapapo kosachiritsika.

Za moto sindifunika kuuza munthu wa ku Harare zambiri. Msika wa mipando wa Glen View Area 8 wapsa mobwerezabwereza, ndipo nthawi iliyonse amisiri amatsala manja ali m'khosi, katundu ndi zida zawo zitasanduka phulusa. Zimene zimakolezera moto kumeneko, utuchi, siponji ya masofa, thinazi wosungunulira penti ndi kupanikizana kwa mashedi, n'zomwezo zimene timabweretsa pakhomo, ndipo pakhomo kuseri kwa khoma kumagona ana. Utuchi usagone m'shopu. Uzituluka madzulo aliwonse. Thinazi, vanishi ndi guluu wa fungo lamphamvu zikhale m'bokosi lachitsulo, kutali ndi makina, makamaka kunja pamthunzi. Nsanza zimene zapukutira mafuta a linseed opaka matabwa zimatentha zokha zikaunjikidwa, mpaka kuyaka popanda machesi, choncho ziziyanikidwa chotambasula panja kapena kumizidwa m'chitini cha madzi. Mu Juni ndi Julayi kukazizira mbaula isalowe m'shopu, fodya asasutidwemo, ndipo girayinda yodulira zitsulo igwire ntchito panja, chifukwa kamoto kake kamatha kubisala mu utuchi n'kudzayaka anthu atagona. Chozimitsira moto cha ufa ndi ndowa ya mchenga zikhale pafupi ndi khomo, pamene munthu angazitenge msana uli kunja, osati kungodya ya m'kati kumene moto ungamutsekereze.

Ena adzati zonsezi n'za anthu olemera okhala ndi magaraja ku Borrowdale. Ine sindikuvomereza, chifukwa laimu, mchenga, mabotolo akale ndi bolodi la zida n'zotheka kwa aliyense, ndipo ndalama yeniyeni imapita ku zinthu zochepa, monga wamagetsi, chitseko cholimba ndi chozimitsira moto. Komanso mmisiri amakhala m'shopu maola ambiri kuposa m'chipinda chochezera, choncho sayenera kuchita manyazi kuikongoletsa. Pakhale kampando pafupi ndi khomo pamene wogula angakhale osaponda utuchi, pakhale shelefu yoonetsera tizidutswa ta mlombwa, paini ndi tiki topakidwa kale kuti munthu asankhe ndi maso ake, pakhale chigubu cha madzi akumwa chovundikira, bokosi la mabandeji pamalo amene dzanja limodzi lingatsegule, ndi bolodi lolembapo maoda ndi masiku olonjeza. Wogula akalowa m'malo aukhondo amakhulupirira kuti kabati yakenso idzakhala yolongosoka, ndipo sanenerera mtengo ngati mmene amachitira akapeza mmisiri akufufuza tepi m'mulu wa zinyalala.

Ana asathamangitsidwe kotheratu, chifukwa ambiri a ife tinaphunzira ntchitoyi poyang'anitsitsa akuluakulu. Mmisiri akachoka shopu izikhomedwa, ndipo makina akamalira mwana asakhalemo, koma pa nthawi ya ntchito yamanja mwana wa msinkhu wa sukulu, wamkazi kapena wamwamuna, apatsidwe kangodya kake kokhala ndi kabenchi kofupika, tizidutswa ta paini, sandipepa ndi kahamala kopepuka, pamalo amene maso a wamkulu amafika ali pa benchi yake.

Ine wanu,

Mmisiri wa matabwa,
Mufakose, Harare